Njinga yodziwa pothandiza ndi posiyira

Chimene chimatha batire ya njinga yamagetsi pamsewu wathyathyathya ndi mphepo. Wopalasa akachoka pa liwiro la makilomita 12 pa ola n'kufika pa 24, mpweya umam'kankha kanayi kuposa poyamba, ndipo mphamvu yofunika kuuboola pa sekondi iliyonse imakwera kasanu ndi katatu. Kufika amafikadi msanga, koma magetsi amene akanam'pititsa kutali athera panjira.

N'chifukwa chake ndimagoma ndi njinga ya PAS imene kampani ya Yamaha, ya ku Iwata m'dziko la Japan, inatulutsa mu 1993. Inali yolemera, yonyamula batire ya mtovu, ndipo ikatchajidwa inkayenda makilomita pafupifupi 20 okha. Magetsi ochepa chonchi sankafunika kumwazidwa. Amisiri a kampaniyo anaika kachipangizo komva mmene phazi likupondera pedulo, kenanso koyeza liwiro, ndipo mota inkawonjeza mphamvu molingana ndi mmene mwendo waponderamo. Ukaponda mwamphamvu, nayo imakoka mwamphamvu. Ukaleka kupalasa, imangoti zii.

Luso lenileni lili pa mmene thandizolo limachepera. Malamulo a ku Japan, monga anakonzedwera mu 2008, amalola mota kupereka mphamvu yowirikiza kawiri ya wopalasa pamene njinga isanafike makilomita 10 pa ola. Kuyambira pamenepo thandizo limatsika pang'onopang'ono mpaka kutheratu pa 24. Lamuloli analiika pofuna kupewa ngozi, komabe linagwirizana bwino ndi batire: magetsi amapita ponyamuka ndi pachitunda, pamene mwendo umavutika koma mphepo ilibe mphamvu, ndipo amasungika pamene mphepo ikanawameza. Zili ngati m'bale amene amakukankha pokwera mtunda, n'kukusiya wekha msewu ukawongoka. Ndipo kusiyako sikumveka m'miyendo, palibe kugwedezeka kulikonse, wopalasa amangoona ngati wadzuka ndi nyonga.

Ku Tokyo ndi ku Osaka amayi amanyamula ana awiri panjinga zoterezi, wina kutsogolo wina kumbuyo, kupita nawo kusukulu ya mkaka. Ulendo wawo ndi woimaima, pamaloboti ndi pamphambano, wa liwiro lochepa, ndipo ndi momwemo mota imathandiza kwambiri. Amatha kusankha thandizo laling'ono pamalo osalala, lalikululo n'kulisungira chitunda cha kufupi ndi kwawo.