Amisiri a wailesi yolankhula ndi kompyuta

Ndimawapatsa ulemu amisiri amene amalumikiza wailesi yotumiza mawu ku kompyuta. Pakati pa ziwirizi amaikapo kabokosi kotchedwa TNC. Kabokosiko kamadula uthenga m'tizidutswa, n'kutisandutsa kulira kwa tswii, kumene wailesi imaponya mumlengalenga. Kadutswa kakasokonekera panjira, kamatumizidwanso mpaka kafike bwino, motsatira ndondomeko ya AX.25. Liwiro lake nthawi zambiri ndi 1200 baud, lochedwa ndithu, koma uthenga umafika wathunthu.

Ntchito yeniyeni ili pa zala: kuwotcherera waya wopita ku maikolofoni, kusintha mphamvu ya mawu pang'onopang'ono kuti asaphokosere, kukweza mlongoti pamwamba pa mtengo. Ku Zambia, amisiriwa amadziwika ndi zizindikiro za pawailesi zoyamba ndi 9J.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, njira yomweyi inathandiza University of Zambia kulandira nkhani zachipatala za pa netiweki yotchedwa HealthNet kudzera pa setilaiti yomwe inkadutsa kwa mphindi zochepa chabe. Kwa anthu a kumadera monga Bundabunda, kumene netiweki ya foni imatha kuzimirira, luso lotere n'lofunika kuliphunzira: batire, sola, wailesi, kabokosi ka TNC ndi kompyuta yakale n'zokwanira.