Chotsani chikoti, ikani tebulo

Ndatopa ndi kuona anthu akumenyedwa pa siteji. Pafupifupi sewero lililonse lokamba za nthawi ya nkhanza, kaya ndi la ana asukulu pa mpikisano kaya la magulu a m'tauni, limakhala ndi gawo lija: wapolisi wa magalasi akuda walowa, womangidwa wagwada, kenako mbama, mateche, chikoti, kukuwa, ndi madzi ofiira othiridwa pa shati. Owonera amafuula, ena amaseka, oweruza amalemba malikisi ambiri chifukwa mnyamata walira mogwira mtima. Sewero likatha palibe amene akudziwa kuti wapolisi uja amafuna chiyani, anamutuma ndani, ndipo atatopa kumenya anakapereka lipoti kwa yani. Gawo limene likanayenera kunyamula sewero lonse limasanduka ndewu ya pamsika.

Kumenyako kunalikodi, ndipo kunali koopsa kuposa zimene ana athu amatha kuonetsa. Koma boma likatenga munthu kukamutsekera m'chipinda chofunsiramo mafunso, limakhala likufuna chinthu chimodzi chogwirika: pepala. Likufuna sitetimenti yosayinidwa kapena yodindidwa chala, mayina a anzake, chivomerezo choti likaonetse kukhoti kapena kwa bwana wamkulu. Zibonga zimagwira ntchito ya pepalalo. Malamulo athu enieni akuchitira umboni zimenezi. Gawo 19 la malamulo oyendetsera dziko lino limaletsa kuzunza munthu, koma gawo 176 la lamulo la kazengedwe ka milandu ndi umboni lakhala likulola khoti kulandira chivomerezo ngakhale woimbidwa mlandu akunena kuti anachita kumukakamiza, bola woweruza akhutire kuti zili m'menemo n'zoona. Bola pepala lifike. Buleya Lule anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu February 2019 akufunsidwa za mlandu wa kubedwa kwa mnyamata wachialubino, ndipo dokotala wopima mitembo Charles Dzamalala anapeza kuti anamugwiritsa magetsi. Anthu amene anachita zimenezo ankafuna mawu oti alembe. Wolemba sewero amene sakuona pepalalo ndiye kuti nkhani yake sakuidziwa.

Ndikukamba zimenezi ndikuganiza za Karonga, chifukwa palibe boma lina limene lili ndi nkhani zochuluka chotere zimene azisudzo ake sanazikhudze mokwanira. Mu February 1959 anthu anatseka bwalo la ndege la Fort Hill, kumene lero timati Chitipa, ndipo nthawi imeneyo dera lonselo, ndi mapiri a Misuku omwe, linali pansi pa boma la Karonga. Flax Musopole anatsogolera anthu a ku Misuku ndipo atsamunda anamusaka kwa miyezi. Pa 3 March bwanamkubwa Sir Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pangozi, anthu oposa 1,000 anatsekeredwa popanda mlandu, ndipo anthu 51 anaphedwa m'dziko lonse. Dunduzu Chisiza, mlembi wamkulu wa Nyasaland African Congress, ndi mkulu wake Yatuta, onse ana a ku Karonga, anawatengera kundende ya Gwelo pamodzi ndi Dr Banda ndi Masauko Chipembere. Chifukwa chimene boma linapereka chinali chakuti Congress inapangana zopha azungu ndi mafumu pa msonkhano wa kutchire wa mu January. Umboni wake unachokera kwa akazitape.

Woweruza Patrick Devlin atabwera kudzafufuza anapeza kuti chiwembu chokonzedwa bwino chopha anthu, monga ankanenera aboma, panalibe. Anapeza kuti asilikali ndi apolisi anamenya anthu ndi kutentha nyumba mosatsata lamulo, ndipo analemba kuti Nyasaland inali itasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Boma la ku London linatani? Linasonkhanitsa anthu olemba kuti akonze mwachangu chikalata china m'dzina la Armitage chotsutsa lipotilo, n'kuzitulutsa pamodzi mu July 1959. Pepala linayankhidwa ndi pepala. Ndipo ufulu utayandikira m'mayiko amene ankawalamulira, atsamunda anali ndi dongosolo lotentha mafayilo kapena kuwamiza m'nyanja, ena n'kuwatumiza mobisa ku Britain. Mpaka 2011 ndi pamene anavomera kuti ku Hanslope Park akusunga mafayilo zikwizikwi ochokera m'mayiko 37, a Nyasaland ali momwemo. Anavomera chifukwa nkhalamba za ku Kenya zimene zinazunzidwa nthawi ya Mau Mau zinawakokera kukhoti, ndipo mu 2013 Britain inalipira mapaundi 19.9 miliyoni pothetsa madandaulo a anthu 5,228. Chimene chinawapambanitsa a ku Kenyawo ndi mafayilo amene anapulumuka moto.

Ndiye ndikuti, ikani tebulo pakati pa siteji. Tebulo, mipando iwiri, makina otayipira, inki yodindira chala, ndi anthu atatu kapena anayi. Wofunsa akhale pansi bwinobwino, avule chipewa, alankhule mwaulemu. Asakuwe. Munthu amene ali ndi mphamvu zonse alibe chifukwa chokuwira, ndipo wosewera amene amvetsa zimenezi amazizira owonera m'nkhongono kuposa wa chikoti. Funso likhale limodzi, lofunsidwa kasanu ndi kawiri, nthawi iliyonse mofanana: pamsonkhano paja panali ndani? Chosintha chikhale woyankhayo. Koyamba ayankha ataimirira mowongoka. Kenako amutulutsa, siteji ikhala ndi wofunsa yekha akumwa tiyi, akusanja mapepala, akupukuta magalasi ake, kwa mphindi yathunthu, ndipo kuseri kusamveke kukuwa kulikonse. Akabwera naye, mwendo umodzi akuukoka, dzanja silikutha kugwira kapu. Funso lomwe lija. Owonera amalemba okha m'mitima mwawo zimene zachitika kuseriko, ndipo zimene alembazo palibe wosewera angazifikire ndi mateche onamizira. Palibenso amene angaseke, chifukwa palibe chonamizira choti achiseke.

Koma munthu amene ndimamufuna kwambiri pa siteji imeneyi, amene sindimamuona, ndi womasulira. Apa m'pamene Karonga ali ndi chuma chimene magulu a ku Blantyre ndi Lilongwe alibe. Wofunsa wa mu 1959 akulankhula Chingerezi. Wofunsidwa akulankhula Kyangonde, kapena Chitumbuka, kapena chilankhulo cha kwawo ku Misuku. Pakati pawo pali mwana wa kumudzi komweko amene anaphunzira sukulu ya mishoni, wavala kabudula wa khaki, amalandira malipiro a boma, ndipo wofunsidwayo mwina ndi mnansi wa mayi ake. Mkulu wofunsidwayo anena kuti anapita kumsonkhano kukamvera. Womasulira atembenuza kuti anapezekapo. Wotayipa alemba kuti anatengapo mbali. Owonera a ku Karonga amene amamva zilankhulo zonsezo amaona ndi maso awo bodza likubadwa mawu ndi mawu, mkuluyo asakudziwa kanthu, ndipo pomaliza akumugwira chala chachikulu, kuchipaka inki, kuchidinda pansi pa chikalata chimene sangathe kuwerenga. Tangoganizani ntchito imene wosewera womasulirayo ali nayo! Pali pamene akufewetsa funso kuti athandize mnansi wake, pali pamene akuopa kuti bwana wamva, pali pamene akukhala chete kanthawi kochepa asanatembenuze mawu amene akudziwa kuti apha munthu. Gawo limeneli lingamupatse wosewera wabwino ntchito ya chaka chonse, ndipo silifuna zovala zodula kapena magetsi a siteji. Limasintha mosavuta kupita ku nthawi ya chipani chimodzi, pamene Chitumbuka chinachotsedwa pa wayilesi mu 1968 ndipo wofunsa wa Special Branch akhoza kukakamiza munthu wa ku Kaporo kapena ku Chilumba kuti ayankhe m'Chichewa chimene sachidziwa bwino.

Gawo lachiwiri ndi la moto. Kalaliki wotayipa uja, zaka zapitapo, boma likusintha, wapatsidwa mndandanda wa mafayilo oti atenthe. Akuwerenga dzina lililonse asanaponye, chifukwa ayenera kuchonga pa mndandandawo. Limodzi aliponya kapena alibisa mu malaya, zimenezo wolemba asankhe. Chofunika n'chakuti owonera aone kuti kutentha umboni ndi ntchito ya muofesi, ili ndi wolamula, wosayina ndi wochonga. Jane Taylor ndi William Kentridge anazimvetsa zimenezi mu Ubu and the Truth Commission mu 1997 ku South Africa, pamene anapanga chidole cha ng'ona chimene chimameza mapepala a umboni wa wapolisi wozunza anthu. Kwa ife amene tinakula tikumva kuti otsutsa boma adzadyedwa ndi ng'ona, ng'ona yodya mafayilo ikanayenera kutigunda pamtima kuposa anthu ena onse.

Za mafanizo a nyama ndi maufumu opeka sinditaya nthawi. Zinali zofunika pamene bungwe la Censorship Board, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1968, linkawerenga sewero lililonse lisanaonetsedwe, ndipo mlembi Jack Mapanje anakhala kundende ya Mikuyu kuyambira September 1987 mpaka May 1991 osauzidwa mlandu wake ngakhale ankalemba mophiphiritsa. Wolemba masewero Du Chisiza Jr, amene anabadwa mu 1963 bambo ake Dunduzu atafa kale pa ngozi ya galimoto ku Thondwe, ndipo Yatuta anaphedwa ndi asilikali a boma mu 1967 iye ali ndi zaka zinayi, anali ndi chifukwa chomveka chobisira ufumu wa Banda m'sewero ngati Papa's Empire. Iye ndi gulu lake la Wakhumbata ankasewera akudziwa kuti m'holo muli makutu a boma. Mwana wa lero amene akulembabe za mfumu Mkango ndi nduna Fisi sakuthawa aliyense, akungothawa ntchito yofufuza. Za wapolisi woseketsa wa mimba ya pilo, amene amagwa akathamangitsa wakuba, iyeyo amaphunzitsa owonera kuti wozunza anthu ndi chitsiru, pamene ambiri mwa ozunzawo anali anthu ophunzira, aukhondo, opita kutchalitchi.

Ndipo anali ndi mayina. Ichi ndiye chimandipweteka kwambiri. Ozunzidwa pa siteji zathu amakhala ndi dzina, mudzi, mkazi ndi ana, koma wozunza amangolembedwa kuti Wapolisi Woyamba. Sam Mpasu sanachite choncho m'buku lake la Political Prisoner 3/75. Anamutchula Focus Gwede, mkulu wa Special Branch amene anamufunsa mafunso mu 1975 chifukwa cha buku lake la Nobody's Friend, ndipo Gwede yemweyo anadzamangidwa mu 1976 pamodzi ndi Albert Muwalo, amene ananyongedwa chaka chotsatira. Wofunsa kusanduka wofunsidwa m'dongosolo lomwelo limene analitumikira: wolemba sewero angafunenso chiyani choposa apa? Machipisa Munthali anakhala m'ndende zaka 27. Alipo amene ankasayina kuti asatuluke atamaliza chilango chake. Munthu ameneyo ali ndi mpando, ali ndi cholembera, ndipo mpando umenewo ndi umene siteji iyenera kuunika.

Ena andiuza kuti sewero la tebulo ndi mapepala ligonetsa anthu, kuti Amalawi amakonda zochitika. Sindikuvomera ngakhale pang'ono. Anthu omwewa amakhala tsiku lonse pa bwalo la amfumu kumvetsera mlandu wa malire a munda, akutsata funso lililonse ndi yankho lililonse, akung'ung'udza mboni ikazemba. Mu 1995 dziko lonse linkatsata mlandu wa ku Mwanza. Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anaphedwa ndi apolisi ku Thambani mu May 1983, mitembo yawo n'kuikidwa m'galimoto imene inakankhidwira kuphedi kuti zioneke ngati ngozi. Bungwe lofufuza lotsogoleredwa ndi woweruza Michael Mtegha linaulula zimenezi. Koma mu December 1995 khoti linamasula Dr Banda, John Tembo ndi anzawo, ndipo mkulu wa apolisi wa nthawi ya kuphedwako, Mac Kamwana, amene akananena kuti lamulo linachokera kuti, anali atamwalira kale. Mlandu unagwera pa mpata umene uli pakati pa dzanja limene linamenya ndi pakamwa pamene panalamula. Sewero limene likungoonetsa dzanjalo likuchita chimodzimodzi zimene zinachitika m'khotimo: likusiya wolamula apite kwawo.

Pamene magulu a zisudzo a Nanzikambe ndi Bilimankhwe anaika pa siteji buku la Mapanje la And Crocodiles Are Hungry at Night mu 2012, anaonetsa kuti umboni wa munthu weniweni umatha kuima pa siteji osagwa. Koma Mapanje anali ndi cholembera ndi abwenzi kunja kwa dziko. Amayi amene nyumba zawo zinatenthedwa ku Misuku sanalembe buku. Magulu a zisudzo a ku Karonga, ndi aphunzitsi amene amakonzekeretsa ana mipikisano, ali ndi malo a Cultural and Museum Centre amene anatsegulidwa mu 2004 pa boma pomwepo, ali ndi mawayilesi a m'deralo, ali ndi lipoti la Devlin limene aliyense angathe kulipeza. Chatsala n'kukwera phiri, kupempha chilolezo kwa eni nkhani ndi kwa mafumu awo, kukhala pansi ndi kujambula mawu m'chilankhulo chawo, kufunsa kuti amene anafunsa mafunso anali ndani, amene anamasulira anali mwana wa yani, pepala linadindidwa kuti. Amene anali ndi zaka 15 mu 1959 lero apitirira zaka 80, ndipo ntchitoyi singadikire mpikisano wa chaka chamawa.