Filimu yomwe mwini nkhani saonekamo

M'makomo ambiri a Asilamu kuno kunyanja dzina la Anthony Quinn ndi lachilendo, koma mutatchula Hamza wa mu The Message, ife amene tinaionera pa kaseti ya vidiyo timakumbukira msanga ndevu zake ndi mmene anatulukira pa kavalo n'kuima pakati pa Asilamu ndi owazunza. Filimuyi inatuluka mu 1976. Anaikonza ndi Moustapha Akkad, mbadwa ya mzinda wa Aleppo ku Syria, ndipo anaijambula ku Morocco ndi ku Libya. Anaijambula kawiri nthawi imodzi: gulu lina linkasewera m'Chingelezi, lina m'Chiarabu, pamalo omwewo. Mu ya Chiarabu, yotchedwa Al-Risalah, Hamza anali Abdullah Gaith wa ku Egypt.

Mphamvu ya filimuyi yagona pa chimene inakana kuonetsa. Mtumiki Muhammad (SAW) saoneka, ndipo mawu ake samveka. Anthu akamalankhula naye amayang'ana kamera, kanyimbo kapansipansi ka Maurice Jarre n'kudzaza pamene pakanakhala yankho. Timaona ngamira yake ndi ndodo yake basi. Wina anganene kuti ulemu unamumanga manja Akkad, koma ife tikuona kuti pamenepa m'pamene anaposa anzake. Mafilimu ena a aneneri amapereka nkhope ya wosewera, ndipo nkhopeyo imakhazikika m'mutu mwa woonera kwa moyo wake wonse. Kuno woonera amasiyidwa kuti aziyang'ana nkhope za okhulupirira, mantha awo ndi chimwemwe chawo.

Komabe ulemu umenewu unadza ndi mtengo wake, ndipo makolo ayenera kuudziwa. Abu Bakr, Umar, Uthman ndi Ali saonekamo. Wa Ali timangoona lupanga lansonga ziwiri. Akazi a Mtumiki mulibenso. Motero katundu yense wa nkhaniyi anasenzetsedwa Hamza, Zayd, Ammar ndi Bilal, ndipo nkhondo za Badr ndi Uhud zinatenga malo aakulu. Mwana amene waphunzira mbiri ya Mtumiki pa kanema yekha adzamudziwa bwino Hind, mdani wa Hamza, koma sadzamudziwa bwino amene anali naye Mtumiki m'phanga paulendo wa Hijra, ngakhalenso Khadija amene anayamba kukhulupirira. Izi n'zofunika kuti sheikh ku madrasa kapena bambo pakhonde azikwaniritse.

Kwa ife a mu Africa, mbali ziwiri zimakhalitsa m'mtima. Ina ndi ya Bilal, yemwe anasewera Johnny Sekka wobadwira ku Dakar: kapolo wogonekedwa pamchenga, chimwala pachifuwa, amene pambuyo pake akukwera pamwamba kukaitana anthu ku swala. Ina ndi ya Ja'far pamaso pa mfumu Yachikhristu ya ku Abyssinia, yomwe inakana kupereka othawa kwawo m'manja mwa Akuraishi. Palibe lupanga losololedwa m'mbali imeneyi, koma ndi yomwe ikuposa nkhondo zonse zija.

N'zodabwitsa kuti filimu yosamala chotere inayamba yakanidwa ndi Asilamu ena. Mu 1977, gulu lina linalanda nyumba zitatu ku Washington, ndipo china mwa zofuna zake chinali choti filimuyi iletsedwe. Ku Saudi Arabia inaloledwa m'nyumba za kanema mu 2018, patapita zaka zoposa 40.

Akkad sanaone tsikulo. Munthu yemweyu, amene anatipatsanso Lion of the Desert ya Omar Mukhtar, ku America amadziwika kwambiri ndi mafilimu oopsa a Halloween, omwe anayamba mu 1978. Anamwalira mu 2005 atavulazidwa ndi bomba lomwe zigawenga zodzitcha zomenyera Chisilamu zinaphulitsa mu hotela ku Amman. Mwana wake wamkazi, Rima, anafera pomwepo.