Za Mcira wa Mau Ena a Cingelezi

Ife a kuno kwa Chulu tizidziwa bwino zilembo zinai zija, C.C.A.P., ndizo dzina la mpingo umene unakhazikika m'caka ca 1924, ndipo a ku Nkhoma analowamo mu 1926. Liu lotsiriza m'dzinamo ndilo Presbyterian. Tapenyani mcira wace, -an. Mcira womwewo uli pa African, pa Roman, pa Christian, ndiponso pa Malawian, liu limene linafala dziko lathu litalandira ufulu mu 1964. Nchito yace ndiyo kunena kuti munthuyu ndi wa kwakuti, kapena atsata uje.

Anyamata ena a sukulu ayesa kuti mcira umenewu uonetsa kulemera kwa Cingelezi, nati Cicewa ncosauka popeza cilibe wotere. Alakwa pawiri.

Coyamba, mcirawo suli wa Angelezi ai. Uli ngati mbande yooka. Monga fodya wathu amera pa nazale, naokedwa m'munda wina, momwemo -an anamera m'Cilatini, cinenero ca Aroma akale. Iwo ankati -anus: wa ku Roma ndiye Romanus, wa ku Africa ndiye Africanus. Pochula otsata munthu ankati -ianus. Ngakhale a ku Antiokeya, olankhula Cihelene, anabwereka mcira umenewu pakupatsa ophunzira a Ambuye dzina lao, za pa Macitidwe 11:26 zija. Anthu a ku Normandy atagonjetsa England mu 1066, Cifalansa cao, ndico mwana wa Cilatini, cinalowetsa mau ambiri otere m'Cingelezi; ndipo pambuyo pace anthu ophunzira anatapanso ena m'mabuku a Cilatini momwe.

Caciwiri, cimene Mngelezi acita ndi mcira, ife ticita ndi mutu, ndipo mutu wathu unena zambiri. Liu limodzi lija, Italian, lisenza munthu, cinenero ndi katundu yemwe. Koma ife titi Mcewa, Acewa, Cicewa, ndipo wakumva sasokonezeka.

Pamenepa ayenera kuyamikidwa William Murray ndi anzace, azungu ndi eni dziko, amene anatembenuza Buku Lopatulika la 1922. Iwo sanameze mau acilendo amphumphu. Anadula mcira wa Cilatini, naika mutu wathu, nalemba Akristu, Aroma, Aherode. Cifukwa cace ngakhale nkhalamba yosapita ku sukulu imva msanga kuti Mkristu ndiye wa Kristu, monga Mngoni ali wa Angoni.

Koma si ponse panayenda bwino cotero. Pakamwa pathu pali Mtaliyana ndi Citaliyana, mau okhala ndi mutu wathu ndi mcira wa Aroma pamodzi, ngati mai wosenza mtsuko umodzi pa nkhata ziwiri. Amenewo anazika kale mizu, tiwaleke. Cimene sitibvomereza ndico kumva mwana wa kuno alikuti, "Ine ndine Malawian," pamene liu lakuti Mmalawi lilipo, lomveka ndi lokwanira.

Kubwereka sikucititsa manyazi, pakuti akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Angelezi omwe anabwereka. Tsono inu aphunzitsi ndi akulu a mpingo, phunzitsani ana kuzindikira mcira umenewu, kuti awerenge Cingelezi mosabvuta. Koma pakulandira liu lacilendo m'cinenero cathu, tengani tsinde lokha, nimulibveke mutu wa kwathu, monga anacitira otembenuza aja.