John Kani ndi luso lomvera owonerera

Amene anawadziwira a John Kani mu filimu ya Black Panther ya mu 2018 anaona nkhalamba ya ndevu za imvi, mfumu T'Chaka ya dziko la Wakanda, ikuyankhula ndi mwana wake mofatsa ndi mwaulemu. Ena anangomva mawu awo okha, m'kamwa mwa Rafiki mu The Lion King ya mu 2019. Onsewa anaona katswiri ndithu, koma anamupeza chakumadzulo, ntchito yaikulu itagwiridwa kale. Pofika nthawi imeneyo a Kani anali atatha zaka zoposa 50 pa siteji, ndipo chimene chinawapatsa ulemu wa mkhalakale sichioneka mokwanira pa kanema. Luso lawo lagona pa kumvera owonerera: kudziwa amene akhala m'holo usiku umenewo, chimene akuopa, pamene aseke ndi pamene phwete liwathere.

Anabadwira ku New Brighton, lokeshoni ya anthu akuda mumzinda wa Port Elizabeth umene lero ukutchedwa Gqeberha, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940. Kusukulu ya zisudzo sanapiteko. Ankagwira ntchito pa fakitale ya magalimoto ya Ford, ndipo mu 1965 analowa gulu la Serpent Players limene linkakumana madzulo anthu ataweruka, mothandizidwa ndi mlembi wachizungu Athol Fugard. Apolisi ankalilonda gululi, ndipo ena mwa anthu ake anakathera kundende ya Robben Island. Pamene a Kani ndi mnzawo Winston Ntshona anasiya ntchito kuti azidyera zisudzo, malamulo a boma la tsankho analibe malo a munthu wakuda wochita masewero, choncho awiriwa analembedwa ngati antchito a pakhomo pa Fugard kuti zitupa zawo zikhale bwino.

Sewero limene linawatchukitsa, Sizwe Banzi Is Dead, linaonetsedwa koyamba mu Okutobala 1972 ku Space Theatre mumzinda wa Cape Town. Silinayambire pa pepala. Anthu atatuwa analiumba poyeserera, wina akuponya ganizo, wina akuliyesa ndi thupi, ndipo n'chifukwa chake maina onse atatu ali pachikuto. Limayamba ndi munthu mmodzi yekha, Styles, wojambula zithunzi, akuwerenga nyuzipepala m'kasitudiyo kake. Nyuzipepalayo inkakhala ya tsiku lomwelo, a Kani n'kumasankha mitu ndi kuiyankha pompopompo. Kenaka Styles amasimba za tsiku limene Henry Ford II anabwera kudzayendera fakitale ya Ford: pansi kukwechedwa, zikwangwani zochenjeza za ngozi kupentedwa mothamanga, antchito kupatsidwa maovololo atsopano ndi kulamulidwa kuti azimwetulira. Munthu mmodziyo ndiye kapitawo wachizungu, ndiyenso womasulira amene akupotoza mawu a bwana kuti anzake asekere m'mimba, ndiyenso chikhamu chonse cha antchito. Mlendo wamkuluyo akafika amangoponda kangapo, n'kutembenuka, n'kumapita.

Chigawo chimenechi chinalibe utali wokhazikika. Usiku wina chinkatalika, wina chinkafupika, malingana ndi anthu amene abwera. Apa ndi pamene ndimaona kuti pali phunziro lalikulu la a Kani. Woseketsa aliyense amadziwa kudikira kuti anthu amalize kuseka asanapitirize. Ochepa ndi amene amadziwa kumene akuwatengera anthu osekawo. Styles amasimba za banja la anthu oposa 20 limene linabwera kudzajambulitsa pamodzi ndi agogo awo. Pa siteji palibe aliyense, koma iye amawaika m'mizere, uyu pansi, uyu kumbuyo, mwana wovuta apo, mpaka owonerera amawaona onse ndipo amaseka nawo. Phwete lisanathe, amauzidwa kuti agogo aja anamwalira chithunzicho asanachione. Anthu amene akamwa awo anali yasa chifukwa cha kuseka amapezeka kuti alibe pobisala. Akanati ayambe ndi maliro, owonerera akanadzimangiratu mitima.

M'sewero lomwelo a Kani amasanduka Buntu, munthu wosiyana kotheratu ndi Styles: wosathamanga, wa mawu ochepa, wodziwa malamulo a zitupa ngati kuti anawalemba yekha. Buntu ndiye amalangiza Sizwe, mlendo wochokera ku King William's Town amene wapatsidwa masiku atatu kuti achoke mumzinda, kuti atenge chitupa cha Robert Zwelinzima, munthu amene amupeza atafa m'kanjira usiku. Amamatula chithunzi, amamata china, ndipo Sizwe amakhala ndi ntchito koma dzina lamuthera. Owerenga amene agogo awo anapita ku Joni pa Wenela, kapena amene ali ndi m'bale ku Johannesburg lero woyenda ndi pasipoti yotha masiku, sakufunika kuwafotokozera kulemera kwa kachikalata kameneka. Buntu sakuwa, sagwetsa misozi. Amafotokoza nkhanza za lamulo ndi mawu a kalaliki, ndipo kuzizira kwa mawuwo ndi kumene kumapyoza.

Kumvera owonerera kunali ndi mtengo wake. Sizwe Banzi, sewero lomwe linawapezera a Kani ndi a Ntshona mphotho ya Tony ku New York mu 1975, pamodzi ndi The Island, ndi lomwenso linawatsekeretsa mu 1976 ku Transkei, kumene boma la Kaiser Matanzima linkakonzekera ufulu wachiphamaso umene linapatsidwa ndi Pretoria. Zimene ankawonjezera pa siteji zokhudza ufulu umenewo zinawafika akuluakulu, ndipo awiriwa anatuluka m'chitokosi anzawo a zisudzo ku London ndi ku New York atachita phokoso. Wa zisudzo amene amangobwereza mawu oloweza angathe kuloza kwa mlembi zinthu zikavuta. A Kani analibe woti amuloze.

The Island, ya mu 1973, imaonetsa mbali ina ya luso lomweli. Kwa mphindi zambiri poyambirira palibe mawu alionse. Akaidi awiri akukumba mchenga, kudzaza wilibala, kukakhuthula pa mulu wa mnzake, iyenso kuchita chimodzimodzi, ntchito yopanda mathero. Fosholo palibe, wilibala palibe, mchenga palibe, msilikali wa ndende Hodoshe saoneka, imangomveka wezulo yake. Chimene chilipo ndi thukuta lenileni ndi kupuma kwa anthu awiri otopadi. Owonerera amayamba atekeseka, amadikira kuti wina ayankhule, kenaka amagonja, ndipo pogonjapo amakhala alowa nawo m'ndendemo. Nthawi yosiyira kukumba siingawerengedwe pa wotchi. Wochita sewero amaimva m'holo.

Chigawo chimene chimandigwira mtima kwambiri m'seweroli ndi pamene mkaidi John, amene ankaseweredwa ndi a Kani, wauzidwa kuti apilo yake yatheka ndipo kwamutsalira miyezi itatu yokha, pamene mnzake Winston ali m'ndende moyo wake wonse. Usiku John amawerenga masiku ndi zala mobisa, poganiza kuti mnzake wagona. Winston amadzuka n'kumulasa ndi mawu owawa, kumufotokozera zokoma zonse zimene akazipeze kunja. Mawu ambiri pamenepa ndi a Winston. Ntchito ya a Kani ndi kumvetsera, chimwemwe ndi manyazi zikulimbana pa nkhope imodzi. Achinyamata ambiri a zisudzo amaganiza kuti mnzako akamayankhula ndiye nthawi yako yopuma, maso ali kwa owonerera, mutu ukukumbukira mzere wotsatira. A Kani ndi a Ntshona anasewera limodzi zaka zoposa 30, mpaka kubwereza Sizwe Banzi ku National Theatre ku London mu 2007 ali okalamba, ndipo chimene chinkasunga masewero awo amoyo n'chakuti aliyense ankamvadi mnzake ngati kuti mawuwo ndi achilendo. A Ntshona anatisiya mu 2018, a Fugard mu 2025.

M'zaka za m'ma 1980 thupi lawo lenilenilo linasanduka nkhani. Mu 1985 anasewera Miss Julie ku Baxter Theatre ndi mkazi wachizungu Sandra Prinsloo, ndipo atapsompsonana pa siteji azungu ambiri anatuluka m'holo. Mu 1987 anasewera Othello ku Market Theatre ku Johannesburg motsogozedwa ndi Janet Suzman, patangopita zaka ziwiri chichotsereni lamulo loletsa chikondi pakati pa akuda ndi azungu. Seweroli linajambulidwa, ndipo amene angalipeze adzaona Othello wodekha, wotchula Chingerezi cha Shakespeare mosathamanga, ndi lilime la munthu woyamwira Chixhosa. Pali malo ena pamene Iago wa Richard Haines amamuphimba ndi liwiro ndi ukali. Komabe kudekhako kuli ndi phindu lake: timaona msilikali amene waphunzira kusamala mawu alionse pakati pa anthu amene sakumufuna, ndipo akagwa amagwera kutali.

Pa zolemba zawo ndili ndi mawu awiri. Nothing But the Truth, ya mu 2002, ili ndi maziko olimba. Sipho Makhaya, wogwira ntchito mu laibulale ku Port Elizabeth, akudikira thupi la mng'ono wake Themba amene wamwalirira ku London kumene anathawira, koma mwana wa malemuyo akufika ndi phulusa m'kabotolo. Aliyense amene anasonkhako ndalama zobweretsera maliro kumudzi amva msanga chimene chamuchitikira Sipho. Seweroli limayankhulira anthu amene sanathawe, sanatchuke, anangopirira ndi kulera ana, ndipo mbiri ya ufulu inawadumpha. Ululu wake si wongopeka, poti mng'ono wawo wa a Kani, Xolile, anawomberedwa ndi apolisi mu 1985 pa maliro. Koma monga mlembi, a Kani amakonda kufotokoza zonse. Anthu awo amaima n'kulongosola mbiri ya dziko m'ziganizo zazitali, zinthu zimene a Kani a pa siteji akanazinena ndi phewa limodzi. Vuto lomweli limaonekanso mu Kunene and the King ya mu 2019, momwe anasewera namwino wosamalira mzungu wa zisudzo wodwala khansa, mbali imene anaitenga Antony Sher. Masewerowa amakoma iwo eni akakhalamo, chifukwa amadziwa pofewetsa ndi poseketsa. Akawatenga ena, ulaliki umatulukira poyera.

Nanga makanema? Akhala akuonekamo kuyambira kale, mu The Wild Geese ya mu 1978, Sarafina! ya mu 1992 ndi The Ghost and the Darkness ya mu 1996. Kamera imawakonda. Imakonda mawu awo akuya, ndi nkhope ija ya diso limodzi loikirira, limene linalowa m'malo mwa lomwe anataya atamenyedwa ndi apolisi. Anachitanso chinthu chachikulu pojambula Captain America: Civil War ya mu 2016, pamene anapempha kuti mfumu ndi mwana wake aziyankhulana m'Chixhosa, n'kumuphunzitsa Chadwick Boseman amene ankasewera mwanayo, mpaka chinenerochi chinakhala cha Wakanda yense. Mu Black Panther mwana wawo Atandwa ndiye anasewera T'Chaka ali mnyamata. Zonsezi n'zonyaditsa. Koma Hollywood inawapatsa mbali imodzimodzi mobwerezabwereza, ya nkhalamba yanzeru yopereka malangizo, ndipo inasiya panja munthu wa nthabwala, wa miyendo yopepuka, wotha kukhala anthu khumi pa mphindi imodzi. Pamaso pa kamera palibe holo yoti aimvere, ndipo wodula filimu ndiye amasankha utali wa chete aliyense.

Holo yaikulu ya Market Theatre lero imatchedwa ndi dzina lawo, ndipo Market Theatre Laboratory imene anaiyambitsa ndi Barney Simon mu 1989 ikuphunzitsabe achinyamata. Kwa aphunzitsi ndi magulu a zisudzo kwathu kuno, pempho langa ndi lakuti musawaphunzire a Kani pa foni pokha. Pezani buku la Sizwe Banzi Is Dead. Limafuna anthu awiri, tebulo, mpando ndi kamera yakale. Mupatseni mnyamata wanu nyuzipepala ya tsiku lomwelo, mumuimike pamaso pa anthu, ndipo mumuuze kuti asachoke pa chigawo choyambacho mpaka ataphunzira kumva pamene holo yakonzeka.