Manda a ku Paris: Kodi Akufa Timaŵayesa ndi Muyeso Wanji?

Novembala ndi mwezi umene Eklezia amatikumbutsa za abale athu amene adatsogola. Pa tsiku lachiŵiri la mweziwu timapempherera mizimu ya ku Purigatorio, ndipo m'maparishi ambiri ansembe amapita kumanda kukadalitsa mitumbira ndi ziliza. Tsono nkoyenera kuti tidzifunse chimene manda amaphunzitsa anthu amoyo. Pofuna yankho, tiyeni tiyang'ane mzinda wa Paris, likulu la dziko la France, kumene kuli manda aŵiri ophunzitsa zosiyana: ena ngodziŵika pa dziko lonse lapansi, ena ngobisika kuseri kwa mpanda.

Kwa zaka mazana ambiri anthu a ku Paris ankaika maliro pafupi ndi matchalitchi, pakati penipeni pa mzinda. Manda aakulu otchedwa Saints-Innocents adadzaza kotero kuti fungo linkasautsa anthu oyandikana nawo, ndipo adatsekedwa m'chaka cha 1780. Kuyambira 1786 mafupa adasamutsidwira m'mapanga a pansi pa mzinda, m'mene kale ankakumbamo miyala. M'chaka cha 1804 Napoléon adalamula kuti manda azikhala kunja kwa mizinda, ndiponso kuti munthu aliyense aziikidwa m'dzenje lakelake. Chaka chomwecho adatsekula manda a Père Lachaise pa kaphiri ka kuvuma kwa mzindawo. Dzinali ndi la Bambo François de La Chaise, wansembe wa chipani cha Ayezuiti, amene ankalapitsa mfumu Louis XIV, ndipo adakhalapo pa malowo.

Poyamba anthu sadaŵafune mandaŵa. Ankati ali kutali, ndipo Akatolika ambiri sankafuna kugona m'nthaka yosadalitsidwa. Chaka choyamba adaikamo anthu 13 okha. Apo akuluakulu a mzinda adachita nzeru ya amalonda. M'chaka cha 1817 adasamutsirako mafupa amene ankati nga Molière, mlembi wa maseŵero, ndi a La Fontaine, mlembi wa nthano, pamodzi ndi a Abélard ndi Héloïse, otchuka chifukwa cha mbiri ya chikondi chao. Nzeruyo idapindula. Anthu achuma adayamba kugula malo kuti adzagone pafupi ndi otchuka, ndipo pofika 1830 mudali manda opitirira 30,000. Apa mpamene pagona dandaulo lathu: akufa adasanduka nyambo yokopera amoyo. Mpaka lero akatswiri a mbiri yakale amakayika ngati mafupa ali m'chiliza cha Molière ali akedi, koma amalonda aja ankangofuna dzina.

Sitikana kuti manda ameneŵa ngokongola. Kukula kwake ndi mahekitala 44, muli mitengo yambiri ndi ziboliboli zosemedwa mwaluso, ndipo alendo opitirira mamiliyoni 3 amafikako chaka chilichonse. Ambiri amayenda ndi mapu m'manja, kufunafuna manda a Frédéric Chopin, woimba wa ku Poland amene adamwalira mu 1849, kapena a Jim Morrison, woimba wa ku America amene adamwalira mu 1971. Pa chiliza cha Oscar Wilde, mlembi wa ku Ireland, alendo ankapsompsonapo ndi milomo yopaka utoto mpaka mwala udayamba kuwonongeka, ndiye m'chaka cha 2011 adachitchinga ndi galasi. Koma kodi mwa iwo ndi angati amene amakumbukira kuti Wilde, atamangidwa, atanyozedwa ndi kusauka, adalandiridwa mu Eklezia Katolika ali pa mphasa ya imfa mu 1900? Chilizacho chimatama mlembi waluso, koma chimanenanso kuti adamwalira atalandira masakramenti a Eklezia.

Nanga amphaŵi ali kuti? Woyamba kuikidwa m'mandamo adali mtsikana wa zaka 5, mwana wa munthu wamba, ndipo manda ake kulibenso. Lamulo lija la 1804 lidapatsa aliyense dzenje lake, koma wosatha kugula malo ankagonamo zaka zoŵerengeka chabe, kenaka malowo nkupatsidwa kwa wina. Masiku ano anthu osoŵa abale ndi chuma amaikidwa kaŵirikaŵiri ku manda a Thiais, kunja kwa mzinda, kumene alendo a mapu aja safikako. Motero kusiyana kwa olemera ndi osauka, kumene imfa imathetsa, amoyo amakumanganso ndi miyala.

Tisaganize kuti cholakwachi nchapadziko chokha. Pamene Molière adamwalira mu 1673, adamuika usiku mwakachetechete, chifukwa nthaŵi imeneyo ochita maseŵero ankamanidwa mwambo wa maliro achikristu. Pamene Édith Piaf, woimba wokondedwa wa ku France, adamwalira mu 1963, akuluakulu a Eklezia ku Paris adakana kumuchitira Misa ya maliro chifukwa cha moyo wake wa m'banja, ngakhale iye ankalemekeza kwambiri Tereza Woyera wa ku Lisieux. Anthu zikwizikwi adamperekeza ku Père Lachaise, koma Misa yomkumbukira idachitika mu 2013, patapita zaka 50, m'tchalitchi la ku Belleville kumene adabadwira. Dziko limakweza wakufa chifukwa cha mbiri yabwino, ife nthaŵi zina timamtaya chifukwa cha mbiri yoipa. Muyeso wake ndi umodzi womwewo, ndiye mbiri ya pakati pa anthu, pamene woweruza weniweni ndi Mulungu yekha.

Kumwera kwa Père Lachaise, mtunda wosatalika, kuli manda ang'onoang'ono a Picpus. Pa nthaŵi ya chipwirikiti cha ku France, kuyambira pa 14 Juni mpaka pa 27 Julayi 1794, anthu 1,306 adadulidwa mitu pa bwalo lina lapafupi, lotchedwa Place de la Nation masiku ano. Mitembo yao ankaitutira usiku pa ngolo, nakaiponya m'maenje aŵiri aakulu m'munda wa asisitere amene adapirikitsidwa. M'maenjemo muli ansembe, asilikali, a m'mabanja achifumu, ndiponso anthu wamba, amene ndiwo oposa theka. Mulinso asisitere 16 a chipani cha Akarmeli a ku Compiègne, amene adaphedwa pa 17 Julayi. Papa Pio X adaŵatchula Odala mu 1906, ndipo Papa Fransisko adaŵaika m'gulu la Oyera mu Disembala 2024. Mafupa ao sangathe kupatulidwa pa mafupa a anzao: oyera, olemera ndi antchito agona pamodzi.

Nkowona kuti mabanja olemera amene adagula malowo pambuyo pake adadzimangira ziliza zao chapatsogolo, ndipo pakati pao pali Lafayette, mkulu wa asilikali amene adathandiza America pa nkhondo yomenyera ufulu. Komabe adachita chinthu choyamikika. Pa makoma a tchalitchi la pomwepo padalembedwa maina a ophedwawo, ndipo malowo adaperekedwa m'manja mwa asisitere kuti azipempherapo. Pa maenje enieniwo palibe chiboliboli cha munthu mmodzi. Ku Père Lachaise mlendo amafunsa kuti wotchuka uja ali pati, koma ku Picpus amangogwada, pakuti palibe woti amsankhe.

Chikristu chili ku mbali ya Picpus. M'fanizo la Ambuye Yezu la munthu wachuma ndi wopemphapempha, amene adatchulidwa dzina ndi mmphaŵi, Lazaro, pamene wachuma uja sitimdziŵa dzina. Kuika akufa ndi kuŵapempherera ndi ntchito zachifundo zoyenera munthu aliyense, poti aliyense adaomboledwa ndi magazi amodzi omwewo.

Nafenso tidziyese. Kumanga chiliza chabwino si tchimo, koma banja likaloŵa m'ngongole pofuna kuposa chiliza cha anzao, pamene mkazi wamasiye ndi ana akugona ndi njala, ndiye kuti tikutumikira mbiri yathu, osati malemuwo. Maliro a munthu wodziŵika timakhamukirako, a mlendo wopanda mbale timasiyira adzukulu okha. Mwezi uno, popita kukalambula manda a makolo athu, tilambulenso mtumbira woyandikana nawo umene wamera udzu, ndipo miphakati yathu iperekeko Misa imodzi ya akufa amene alibe woŵatchula dzina.