Banjo ya chigubu si chidole

Sabata ino ndapatukako pa ndakatulo, mundikhululukire, koma nkhani yake ndi ya luso ndithu.

Mwana wanga wachisamba, wa zaka 13, wakhala akundivutitsa kuyambira pa Khirisimasi kuti ndimugulire banjo. Ine ndimagulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa Lirangwe, nde ndalama isanatuluke m'chikwama ndimaganiza kawiri. Ndinafunsa anthu ozindikira, ena a m'gulu momuno, ndipo yankho linali limodzi: gulani ya m'sitolo, ya nsambo zisanu, za chigubuzi ndi zidole, mwana azolowera zolakwika. Malangizo amenewa ndi amene ndikuwatsutsa lero.

Banjo ya nsambo zisanu ija ili ndi nsambo imodzi yaifupi, yothera pakati pa mtengo, yokhudza ndi chala chachikulu. Imayendera nyimbo za ku America monga bluegrass, ndipo makanema ophunzitsa a pa YouTube ambiri amatsata kaimbidwe komweko. Palibe choipa. Koma mwana wangayu bluegrass sakuidziwa n'komwe. Amene anamugwira mtima ndi Alan Namoko, yemwe agogo ake amamumvera madzulo aliwonse pa kawailesi ka memori khadi.

Tamvetserani Namoko ndi Chimvu Jazz mofatsa. Banjo yake siidzionetsera. Imazungulira pa kachigawo kamodzi, kubwerera pomwepo, kubwereranso, ng'oma ikutsata pambuyo, mpaka mawu a bambo wosaona uja wa ku Thyolo atapeza pokhala. Kulira kwake n'kouma, kwakuthwa, kozima msanga, ndipo kuzima msangako ndi kumene kumasiya mpata woti mawu a nyimbo amveke. Ena amati ndi phokoso la umphawi. Ine ndimamva munthu amene ankadziwa chimene akufuna kuti chida chake chichite. Namoko anamwalira mu 1995, koma mpaka lero mwana wobadwa zaka zambiri pambuyo pake akusiya mpira n'kukhala pansi kumumvera.

Komanso ife a mbali ino sitiyenera kuchita kuuzidwa zimenezi. Kwa Singano ku Chileka, pafupi pompa, kunachokera Daniel ndi Donald Kachamba, amene Gerhard Kubik wa ku Austria anajambula nyimbo zawo mu 1967. Ankaimba kwela ndi gitala, chitoliro ndi besi ya chingwe chimodzi, ndipo Daniel gitala yake ankaichotsa nsambo imodzi kuti ilire mmene iye akufunira. Masiku ano Madalitso Band yazungulira ku Ulaya ndi babatoni yopangidwa pamanja. Nde amene amati chida chenicheni ndi chotuluka m'katoni basi, andiuze kuti anthu awa ankaimba ndi chiyani.

Koma ndisaname, mabanjo a chigubu ambiri ndi oipadi, ndipo apa a malangizo aja ali ndi mfundo. Ena amapanga kuti azungu akakoloweke pakhoma, osati kuti munthu aimbe. Ndinakana atatu ndisanagule. Kusankha kwake n'chimodzimodzi tomato: suugula mulu poona wapamwamba.

Yoyamba inali yopakidwa penti bwino zedi, koma nditaika diso kumapeto kwa mtengo wake ndinaona wapindika ngati uta, nsambo zili kutali ndi mtengo. Mwana wongoyamba angatupe zala tsiku limodzi n'kuitaya pansi pa bedi. Yachiwiri zikhomo zake zinkabwerera zokha. Ukachuna, nyimbo isanathe yamasuka kale. Yachitatu ndi imene inandiphunzitsa zambiri. Ndinapempha wopangayo kuti aimbe akutsitsa chala kuchoka kumutu kulowera kuchigubu, ndipo mawu ankasokonekera akamapita. Tizitsulo topingasa pamtengo tija anangotikhoma mongoganizira, motalikirana mofanana, pomwe timayenera kumayandikirana tikamayandikira chigubu. Banjo yotero ndi imene ingaononge khutu la mwana, kaya ndi ya m'mudzi kaya ndi ya m'sitolo.

Za pamimba pake musalimbane nazo kwambiri. Ya chikopa cha mbuzi imalira mokoma, koma nyengo ya mvula chikopa chimalefuka, uchite kuchiwotha pamoto. Ya chitsulo chokhachokha siisamala za mvula, kungoti imalasa m'khutu. Nsambo za waya wa buleki ya njinga zimachita dzimbiri ndipo zimacheka zala, koma izo ndi zosintha, mutha kuikamo za gitala.

Yachinayi ndinaipeza kwa bambo ena achikulire amene amaimbanso okha, ndipo ndi chifukwa chake ndinawakhulupirira. Ndi ya nsambo zinayi, ya chikopa, yosapaka penti. Ndalama yake sinagwedeze mpamba wanga, pomwe ya m'sitolo ikanandisiya wopanda kopikulira. Anamukhazika mwanayo pakhonde, namuonetsa kachunidwe kake, n'kumuuza kuti chikopa chikang'ambika abwere nayo.

Patha miyezi iwiri tsopano. Sanafike poimba nyimbo yathunthu, amangozungulira pa kachigawo kamodzi komweko mpaka anzanga apabenchi ayamba kudandaula. Inu amene munandilangiza za m'sitolo, mukamadutsa pa M1 tsikani pa Lirangwe mudzamumve, kenako tidzatsutsane bwino.